Umboni wa Bwemba ndi Mphini za Khoswe

Tcherani khutu, inu nonse amene mwakhala pansi pano, akulu ndi ang'ono omwe. Lekani kaye zonong'onezana, pakuti nthano iyi ndi yolemera, ndipo woimva ayenera kuisunga kuti adzaipereke kwa ana ake. Ndinena za galu amene adachitira umboni chinthu chimene sadachidziwe, ndi za misozi imene umboniwo udabala.

Kudangokhala, m'masiku aja pamene nyama za pakhomo zidali ndi maudindo monga anthu, kuseri kwa nyumba ina kudali ulamuliro wakewake. Kapitawo wa kuseriko adali galu, dzina lake Bwemba, pakuti ubweya wake udali wofiirira ngati chipatso cha bwemba. Mkazi wake adali Nangozo, galu wofatsa, wosafulumira kuuwa. Ndipo kunsi kwa nkhokwe kudali mlonda wa chimanga, mayi wamasiye wotchedwa Chakusa, njoka yopanda ululu, imene chakudya chake ndi makoswe.

Bwemba ndi Chakusa sadali kuyankhulana. Sikuti adayambanapo, ayi. Koma Bwemba adaleredwa ndi chiphunzitso chakuti njoka zonse n'zimodzi, kuti iliyonse imayenda ndi imfa m'kamwa, ndipo galu wanzeru adutse patali. Motero aliyense adagwira ntchito yake ali chete, ndipo chimanga cha eni nyumba chinkafika mpaka kukolola kwina.

Tsono padzala padali khoswe wina wotchedwa Kamwaza. Njala idamuwondetsa, popeza nthawi zonse akayandikira nkhokwe ankapeza Chakusa ali pamwala, maso ali tong'o. Kamwaza adakhala masiku ambiri akuyang'ana galu ndi njoka, kufikira adazindikira chimene ena sadachione: mlondayo alibe ululu, ndipo kapitawo sadziwa zimenezo.

Tsiku lina mmawa, Chakusa adalowa m'mulu wa makoko a chimanga kuti apumuleko. Kamwaza adathamangira kwa Bwemba.

"Bwana Kapitawo, mwadzuka bwanji?"

"Iwe khoswe, wayamba liti kupereka moni? Choka ndisanakutafune."

"Ndichoka, bwana, ndichoka. Ndimangoti ndikuuzeni kuti fupa la mbuzi lija mudalifunafuna dzana, khwangwala adaligwetsa m'makoko umo. Ine mano anga ndi ang'onoang'ono. Lingowola ndikuliona."

Bwemba sadafunsenso kawiri. Adafika pamulupo, nafukula ndi miyendo yonse iwiri, nalowetsa mphuno. Chakusa adadzidzimuka m'tulo ataponderezedwa mchira, ndipo mwa mantha adamuluma pamphuno, nathawira kunsi kwa nkhokwe.

Bwemba adagwa chagada.

"A Nangozo! Bwerani, ndafa ine! Njoka yandiluma. Mbale yanga muzidyeramo ndinu. Mafupa atatu ndidakwirira kuseri kwa bafa, musauze aliyense."

Nangozo adafika nayang'ana balalo. "Bambo, magazi ake ndi ochepa. Tandilolani ndinyambite."

"Musayerekeze, mayi!" adafuula Kamwaza. "Mukufuna maliro akhale awiri? Ululu umenewo ukangokufikani palilime, basi. Koma musalire. Agogo anga adakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'denga la sing'anga wamkulu, akuona zonse kuchokera pamwamba, ndipo mankhwala a njoka adandisiyira ine."

"Ndichiritse," adatero Bwemba. "Chilichonse chimene ufuna, nena."

"Ine sindifuna kanthu, bwana. Mankhwalawo ndiwo afuna chizimba, chimene chimawapatsa mphamvu. Chizimba chake ndi chimanga cha pakati penipeni pa nkhokwe, chimene dzuwa silidachione, ndipo ndiyenera kuchitafuna ndekha mkati momwemo. Mayi ayime pakati pa ine ndi njokayo kuti ndikwere."

Nangozo adayima pamenepo, mtima uli pa mwamuna wake, ndipo Kamwaza adakwera. Adakhalamo nthawi yaitali. Potuluka, mimba ili ndendende, adatapa phulusa ndi mwaye, nasakaniza ndi mate, napaka pamphuno ya kapitawo. Kenaka adayamba nyimbo.

Nyimboyo idali yaifupi. Woyambitsa ankaitana ululu monga mlendo amene wakhalitsa pakhomo, namulozera njira yotulukira: kuchokera pabala, kutsata msana, mpaka kunsonga ya mchira. Ndipo wodwala ankavomereza ndi mawu awiri okha, otsimikiza kuti mlendoyo akupita. Kamwaza adazungulira katatu akuyimba, ndipo katatu Bwemba adavomereza ndi mawu onjenjemera.

"Tsopano miyambo yake ndi iwiri," adatero Kamwaza. "Balalo lisanyambitidwe. Ndipo chachikulu ndi ichi: musamve mawu a njoka imene yakulumani. Ikangoyankhula inu n'kumva, ululu umadzuka pomwepo."

Dzuwa lisanalowe, Bwemba adadzuka, nadya chakudya chake chonse, nakumbanso mafupa ake atatu aja n'kuwabisa kwina. Kuyambira tsiku limenelo sadanenenso kuti iwe khoswe. Ankati, inu a sing'anga.

Mmawa mwake Chakusa adatuluka, mutu uli pansi. "A Kapitawo, pepani za dzulo. Ndidadzidzimuka. Koma musade nkhawa, pakuti ine…"

Bwemba adauwa mokweza, nauwabe, kufikira mawu a mayiyo adamira. Chakusa adadikira kuti atope, koma sadatope. Ndipo adabwerera pamwala pake.

Padapita masiku, njala idamubwerera Kamwaza. Adaona mtondo utagonekedwa chammbali, ndipo adadzionetsa dala kwa Chakusa, nathawira mumtondomo. Njoka itamulondola, iye adailumpha natuluka, nabisala kuseri kwa mtondo, nayamba kulira.

"Kapitawo! Ndili mumtondo muno! Andigwira! Sing'anga wanu akufa!"

Bwemba adathamanga, napisa mwendo mumtondo kuti akoke mpulumutsi wake. Chakusa, poona kuti khomo latsekedwa ndi zikhadabo, adaluma kachiwiri.

Ulendo uno Bwemba sadagawe mafupa. Adangogona pansi nati, "A sing'anga, yambani ntchito."

"Ndiyamba, bwana, koma ululu wachiwiri umakhala wolemera. Kamwa limodzi silingatafune chizimba chokwanira. Akazi anga ndi alamu anga akwere nane."

Adakwera asanu ndi mmodzi. Phulusa lidapakidwa, nyimbo idayimbidwa, mlendo uja adalozeredwa njira ya kumchira, ndipo Bwemba adavomereza ndi mawu olimba. Koma phulusa la padzala lidali lauve, ndipo patapita masiku awiri mwendo udatupa, nutuluka mafinya.

"Mwaona?" adatero Kamwaza. "Umenewo ndi ululu ukutuluka. Ukadakhala mkati, bwenzi tikunena zina."

Nangozo adakhala pambali pa mwamuna wake, nayang'anitsitsa bala, ndipo khoswe atachoka adayankhula motsitsa mawu.

"Bambo, ndinene kanthu?"

"Nenani."

"Mayi anga adandiuza kuti njoka yakupha imasiya mabowo awiri akuya, ngati a minga. Apa ndikuona timadontho tambiri tondandana, ngati mwaponda chipeso. Pamphuno pajanso padali chimodzimodzi. Bwanji tikamve zimene a Chakusa ankafuna kunena?"

"Mukufuna ululu undidzukire? Kodi mayi anuwo adalumidwapo kangati?"

"Sadalumidwepo."

"Ine kawiri. Tsono pakati pa iwo ndi ine, adziwa njoka ndani?"

Ndipo Chakusa atabweranso tsiku limenelo kudzayesa kuyankhula, Bwemba adauwa monga poyamba.

Mwendo utapola, Kamwaza adabwera yekha, ndevu zili mbuu ndi ufa wa chimanga.

"Bwana, mwapulumuka kawiri. Amene wapulumuka katatu amakhwima. Ndikadzakutemerani mphini pambuyo pa kachitatu, palibe njoka pansi pano imene idzakupheni. Koma kachitatu sikabwera mwangozi. Muyenera kuiputa nokha njokayo, masana, onse akuona."

Mawu amenewa adamukomera Bwemba. Dzuwa lili paliwombo adaitana nkhuku ndi nkhunda kuti zikhale mboni, napita kunsi kwa nkhokwe.

"A Kapitawo," adatero Chakusa, "ndikupemphani m'dzina la Namalenga amene adatilenga tonse, mundimve kamodzi kokha."

Koma Bwemba adamulumphira akuuwa. Mayiyo adadziteteza monga adathera, namuluma pakhutu. Ndipo Bwemba adamugwira pakati, namupukusa, namuponya kunja kwa mpanda. Adamveka kugwa, ndipo sadamvekenso.

Pamenepo Kamwaza adayimba nyimbo yake mosangalala, mchira uli m'mwamba, ndipo nkhuku zomwe zidavomereza nawo. Adatema mphini zitatu pamwendo wa Bwemba ndi mano ake, napakamo mwaye. Ndipo popeza mlonda adachoka, panalibenso chifukwa chotchulira chizimba: mtundu wonse wa Kamwaza udasamuka padzala, nukhazikika m'nkhokwe.

Bwemba adati kwa mkazi wake, "Nanunso mutemere."

"Bambo, ine sindidalumidwepo."

"A sing'anga akuti mphini za mkazi zimatsamira pa za mwamuna. Kulumidwa kwanga katatu kwakwanira tonse awiri. Ndikufuna muzikhala opanda mantha monga ine. Kodi ndingakupatseni chinthu choipa?"

"Simungatero," adayankha Nangozo, ndipo adapereka mwendo wake. Sadapereke chifukwa chokhulupirira khoswe, koma chifukwa chokhulupirira mwamuna wake.

Khutu la Bwemba lidatupa monga udachitira mwendo, ndipo ankangolikanda pampanda. Mwini nyumba ataona, adalitsuka ndi madzi ofunda amchere, namumangirira ndi chingwe pansanamira ya khonde la kuseri kuti bala liume. Bwemba adadandaula kuti munthuyo wachotsa mankhwala.

Koma kumene kwachuluka makoswe, kumabwera wodya makoswe, ndipo amene adabwera sadali Chakusa. Tsiku lachitatu la chingwecho, Nangozo adaona njoka yonenepa itagona pakanjira ka kubafa, pamene mayi wa pakhomopo ankakonda kudutsa wopanda nsapato atasenza ndowa. Idali mphiri.

"Bambo," adatero Nangozo, "iyi ndi ina. Mutu wake ndi wotambalala, ndipo yandiona koma sikuthawa. Tiyeni tiuwe tonse awiri, anthu abwere ndi ndodo."

Bwemba adakoka chingwe, koma chingwe chidakana. Nkhuku zidali zitasonkhana, zikumuyang'ana.

"Kuitana anthu n'kwa agalu opanda mphini," adatero. "Pitani, a Nangozo. Igwireni muipukuse monga ndidachitira ine."

"Mtima wanga ukukana."

"Yang'anani mphuno iyi. Yang'anani mwendo uwu ndi khutu ili. Katatu ndalumidwa, katatu ndadzuka. Ine ndine mboni."

Nangozo adamuyang'ana. "Mwanenetsa, bambo?"

"Ndanenetsa."

"Mawu anu sindidawatayepo pansi," adatero, napita.

Mphiri idafufuma, nifwenthera mwaukali. Nangozo adailumphira, ndipo asanaigwire idamubaya pamwendo wakutsogolo, pambali penipeni pa mphini zija. Iye sadabwerere m'mbuyo. Adaigwira pakhosi, naipukusa kufikira idaleka kugwedezeka. Kenaka adabwera akutsimphina, nagona pamene chingwe cha mwamuna wake chinkafika.

Bwemba adayang'ana bala. Padali mabowo awiri akuya, ngati a minga, ndipo mwendo unkatupa iye akuona.

"A sing'anga! A sing'anga, tsikani msanga!"

Kamwaza adasuzumira padenga la nkhokwe. Adaona mphiri yakufa, adaonanso mwendowo, ndipo sadatsike.

"Pepani, bwana. Kodi njokayo isanalume idatulutsa mawu?"

"Idafwenthera."

"Ndipo mayi adamva?"

"Tonse tidamva. Tsikani!"

"Ndiye mwambo waphwanyika. Ndidakuuzani ine kuti mawu a njoka sayenera kumveka. Apa mankhwala anga alibe mlandu."

"Ndikukupemphani, bwerani mudzangoyimba nyimbo. Chimanga chonse ndi chanu."

"Chimanga chatsala chofumbwa chokhachokha, bwana. Komanso kumene kwafika mphiri imodzi, inzake siikhala kutali, ndipo ine ndili ndi banja. Tsalani bwino."

Ndipo adatsika mbali ya kuseri, iye ndi mtundu wake wonse, nadutsa pa una wa kunsi kwa mpanda.

Bwemba adauwa tsopano, kuitana anthu, kuuwa kumene adakukana poyamba. Koma panthawiyi eni nyumba adali atanyamuka kupita kudimba, ndipo panalibe womumva. Adapala ndi zikhadabo kaphulusa kamene kadali pafupi, napaka pabala, nayamba nyimbo yekha. Adaitana mlendo uja, namulozera njira ya kumsana ndi ya kumchira. Nangozo adavomereza ndi mawu awiri aja, kuti mwamuna wake asayimbe yekha. Adayimba kachiwiri, ndipo adavomerezanso, koma mawu ake adali ngati mpweya chabe. Atayimba kachitatu, malo a kuvomereza adakhala opanda kanthu.

Patapita kanthawi Nangozo adatsegula maso. "Bambo, ilekeni nyimboyo. Ingondinyambitani."

Ndipo Bwemba adaphwanya mwambo wa khoswe. Adanyambita phulusa lonse kulichotsa, nanyambita mwendo, nanyambita nkhope. Ululu sudamugwire palilime. Nangozo adatsamiza mutu pa miyendo ya mwamuna wake, ndipo dzuwa litangopendeka, mpweya wake udachoka.

Eni nyumba atabwera adapeza mphiri yakufa pakanjira, ndi galu wakufa pakhonde. Mayi wa pakhomopo adayang'ana mapazi ake opanda nsapato, nalira. Adamuyika Nangozo pafupi ndi mpanda, ndipo adamasula chingwe cha Bwemba. Iye adakagona pamtumbira, masiku awiri osakhudza mbale.

Tsiku lachitatu udzu wa mpanda udagwedezeka. Adali Chakusa. Sadafe, koma msana wake udapindika pamene padalowa mano a kapitawo, ndipo ankakwawa mokoka theka la thupi. Adayima patali, kudikira kuuwa. Kuuwa sikudabwere.

"Ndamva za maliro," adatero. "Pepani, a Kapitawo. Mayi aja sadandinenepo choipa."

"Yankhulani, mayi," adatero Bwemba. "Ngati ululu udzuka, udzuke. Ndikufuna kumva."

Chakusa adayandikira, natsegula kukamwa. "Yang'anani. Mukuona mano awiri aatali?"

"Ayi. Ndikuona timano tating'ono tondandana."

"Ngati chiyani?"

"Ngati chipeso."

"Ine Namalenga sadandipatse ululu, ngakhale dontho. Adandipatsa mphamvu yopana khoswe, basi. Ndikaluma ndi mantha chabe, ndipo bala langa lifuna kutsukidwa kokha. Katatu ndidabwera ndi mawu amenewa."

"Nanga mankhwala aja? Ndidachira ine."

"Mudachira chifukwa simudadwale. Kutupa kuja kudali kwa phulusa."

Bwemba adayika chibwano pa dothi la mtumbira.

"A Nangozo adandiuza," adatero. "Adati iyi ndi ina. Adati tiuwe. Ine ndidati ndine mboni." Kenaka adadzutsa mutu. "Msana wanuwo ndi ntchito yanga. Sindidziwa ngati woterewa amakhululukidwa."

"Amene adanama ndi khoswe."

"Khoswe adanama kwa ine. Kwa a Nangozo adanama ndine, pakuti iwo khoswe sadamukhulupirire."

Chakusa sadamutsutse, popeza zidali zoona. Adangoti, "Za msana ndakukhululukirani. Zinazo mupite nazo kwa Mwini moyo. Iye sabweza wosweka mtima. Ine ndibwerera kunsi kwa nkhokwe, ngati mundilola. Liwiro ndilibenso, koma fungo langa lokha makoswe amaliopa."

"Bwererani. Ndipo mmawa uliwonse ndidzabwera kudzakupatsani moni."

Adachitadi chomwecho masiku onse a moyo wake. Koma padangopita mwezi umodzi, nkhunda zidabwera ndi mbiri yakuti kuseri kwa nyumba ina, kutsidya kwa msewu, galu walumidwa ndi njoka yobiriwira ya m'masamba, ndipo kwapezeka khoswe wodziwa mankhwala, amene agogo ake adakhala m'denga la sing'anga. Bwemba adadzuka, nayenda mpaka kumeneko, nayima kunja kwa mpanda. Mkati nyimbo ija inkamveka, ndipo galu wina ankavomereza ndi mawu onjenjemera.

"Mnzanga!" adaitana Bwemba. "Yang'ana bala lako. Ngati pali timadontho tambiri, litsukidwe, udzachira. Ngati pali mabowo awiri, uwa mpaka anthu abwere. Nyimboyo ilibe kanthu. Ine ndidayika mkazi wanga chifukwa cha iyo."

Nyimbo idaleka pang'ono. Kenaka mawu ang'ono adamveka akuti, "Musawamvere, bwana. Amenewo adaphwanya mwambo, ndiye akufuna mufanane nawo." Ndipo galu wa mkatimo adayamba kuuwa mokweza, nauwabe, kufikira mawu a Bwemba adamira.

Bwemba adakuzindikira kuuwa kumeneko, pakuti kudali kwake. Adabwerera kwawo mchira uli pansi. Mmawa mwake adapereka moni kwa Chakusa, nadutsa pamtumbira, napitanso kukayima pampanda uja. Ndipo adachita chomwecho tsiku ndi tsiku, popeza tsopano adali ndi umboni woona, ndipo sakadatha kuukwirira. Mukadzaona galu akukumba una wa khoswe akulira motsitsa, musamuseke. Ndi mdzukulu wa Bwemba, akufunafuna sing'anga uja kuti adzayankhe mlandu wa Nangozo.

Nthano yanga yafika pamapeto. Inu amene mwaimva, Mulungu wachifundo akusungeni, inu ndi a m'nyumba zanu. Akupatseni makutu oleza, omvera ngakhale amene mumamuopa. Asunge pakamwa panu kuti musatume wokondedwa wanu ndi mawu amene simudawatsimikize. Ndipo amene mwasenza kale chisoni chonga cha Bwemba, akupukuteni misozi ndi dzanja lake. Mtendere wake ukhale pa inu nonse.